Mmene Chithandizo Chimafikira pa Sukulu ya Kumudzi

M'chaka cha 1994, boma la Malawi litathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana anakhamukira kusukulu mwaunyinji, kotero kuti chiwerengero chawo, chimene chinali chisanakwane 2 miliyoni, chinafika cha m'ma 3 miliyoni chaka chisanathe. Koma walira mvula walira matope, pakuti zipinda zophunziriramo sizinachuluke pamodzi ndi anawo, ndipo kufikira lero alipo ambiri amene amaphunzirira pansi pa mtengo, mitambo ikangoda mphunzitsi n'kuwauza kuti azipita kwawo.

Tsono inu amayi ndi abambo, dziwani kuti chithandizo cha anthu akufuna kwabwino sichigwa kumwamba monga mana a m'chipululu. Chili ndi njira yake, ndipo njirayo imayambira pakati panu. Mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi amakhala pansi nagwirizana chimene chikusowa koposa zonse, kaya ndi chipinda, nyumba ya mphunzitsi kapena mjigo. Akatero amakatula nkhaniyo kwa anyakwawa, ndipo kudzera m'makomiti a chitukuko imakwera kwa gogochalo kufikira ku khonsolo ya boma. Ena amaona ngati uku n'kuchedwa, koma ine nditi n'koyenera ndithu, popeza ndi boma limene lidzatumize aphunzitsi, ndiponso ndi mafumu amene angachitire umboni kuti malo omangapowo alibe mkangano.

Othandizawo amakhala a mitundumitundu: mipingo, mabungwe omwe si aboma, ana a m'mudzi momwemo amene ali ku Johannesburg, kapenanso alendo a kutsidya kwa nyanja amene asonkha ndalama kwawo nabwera kudzagwira ntchito osayembekezera malipiro. Iwo amagula zimene mudzi sungathe kuzipeza wokha, monga simenti, malata, matabwa ndi misomali, nalipiranso mmisiri. Mbali ya mudzi ndi mchenga wa kudambo, miyala yoswa, madzi ndi manja. Ndipo anyakwawa amagawa masiku, kuti Lolemba abwere a mudzi uwu, Lachiwiri a mudzi winawo, poti mutu umodzi susenza denga.

Kale makolo ankaumba njerwa naziotcha mu uvuni, koma kuyambira 2018 malamulo akuletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma, chifukwa mauvuni anali kutha mitengo. Masiku ano mmisiri amasakaniza simenti ndi mchenga nathira m'chikombole, ndipo pamatuluka zidina. Pano ndi pamene ntchito ya amayi otunga madzi imalemekezeka, pakuti chidina chikangoumbidwa chimafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu kapena kupitirira, chitafunditsidwa udzu kuti dzuwa lisachiumitse msanga. Chikapanda kumwa madzi chotero chimaoneka cholimba kunja, koma ukachikanda ndi msomali chimayoyoka, ndipo khoma lake limang'aluka ana amene analiona likumangidwa asanafike Sitandade 8.

Musanyozenso chimbudzi poyerekeza ndi chipinda chokongola. Mtsikana akatha msinkhu, napeza kuti pasukulu palibe malo obisika okhala ndi chitseko ndi madzi, amayamba kujomba masiku ena mwezi ndi mwezi, ndipo pang'ono ndi pang'ono amalekeratu. N'chifukwa chake amayi a m'gulu loyang'anira atsikana ayenera kupatsidwa mpata wolankhula pamsonkhano woyamba uja.

Chinthu china chimene sichiyenera kusowa ndi buku la katundu. Galimoto ikafika, mlembi wa komiti amawerenga matumba a simenti pamaso pa mboni nalemba tsiku ndi chiwerengero. Mmisiri akatenga matumba 5 m'mawa, mlembi amalembanso, mmisiriyo n'kusaina. Ndipo pamsonkhano bukulo limawerengedwa poyera, kuti wopereka akhazikike mtima pansi ndipo wosunga kiyi asanamiziridwe. Inu amene mukuphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengetsera, ntchito imeneyi ikukudikirani, chifukwa komiti imafuna mlembi ndi msungichuma, ndipo amasankhidwa mwa makolo. Alendo akadzatsanzika, makiyi ataperekedwa, buku lomwelo lidzayamba kulembedwamo malata amene mphepo yasasula, maloko othyoka ndi ndalama zimene makolo asonkha kuti akonzere.