Bisirani ana chuma, achisake ndi ndagi

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa chaka, mwana wa ku Moatize kapena ku Zóbuè akatha kutunga madzi ndi kusesa pabwalo amatsala ndi tsiku lonse m'manja. Ena amathera pa foni ya achimwene awo, ena m'nyumba zoonetsa mafilimu, ena m'mbali mwa msewu wa N7 momwe mathiraki opita ku Malawi amadutsa usana ndi usiku. Koma alipo masewera amene banja lililonse lingakonze ndi botolo lopanda kanthu, pepala ndi pensulo. Wamkulu amabisa kanthu pamalo amene ana amawadziwa, nalemba ndagi zolozera kumeneko, anawo n'kumamasulira ndagizo imodziimodzi mpaka atafika pobisikapo. Kubisa n'kosavuta. Luso lagona pa kulemba ndagi yoloza malo amodzi okha, amene mwana angawatsimikize ndi maso ndi mapazi ake.

Kunja akuluakulu amachita masewerawa kwa zaka zambiri. Mu 1982 Byron Preiss anatulutsa buku lotchedwa The Secret, atakwirira timabokosi 12 m'mapaki a mizinda ya ku North America. M'bukumo munali zithunzi 12 ndi ndakatulo 12 zosasanjidwa, ndipo wosaka amayenera kuzindikira yekha kuti chithunzi chiti chikuyenda ndi ndakatulo iti. Chithunzi chimaulula mzinda, ndakatulo n'kumuyendetsa munthu m'paki mpaka pokumba. Mpaka lero tapezeka titatu tokha: ku Chicago mu 1983, ku Cleveland mu 2004 ndi ku Boston mu 2019. Preiss anamwalira pangozi ya galimoto mu 2005, ndipo pepala losonyeza pamene anakwirira totsalato silinapezeke. Ka ku Boston kanatuluka pamene amisiri amakonzanso pakiyo, malo atayamba kale kusintha.

Choncho musanalembe ndagi ngakhale imodzi, lembani pa kapepala kanu malo enieni amene mwabisapo ndipo muuzeko wamkulu mnzanu m'nyumbamo. Sankhaninso zizindikiro zokhalitsa. Moatize ndi tauni yosintha msanga chiyambire migodi ikuluikulu ya malasha mu 2011. Pamene panali thengo chaka chatha lero pali mpanda, ndipo benchi ya wogulitsa tomato ikhoza kusamuka mawa. Mtengo wa mlambe, mjigo, chigayo, khoma la tchalitchi ndi zigoli za pabwalo la mpira sizichoka usiku umodzi.

Malo osakira akhale ochepa, oti inu mutaima pakati mukhoza kuitana mwana ali kumapeto n'kukumvani. Kwa ana a zaka 5 mpaka 7 bwalo la pakhomo ndi la anansi likukwana. Okulirapo mungawapatse bwalo la sukulu kapena la tchalitchi, mutapempha kaye kwa aphunzitsi aakulu kapena akulu a mpingo. Ngati masewerawo atenga mbali yaikulu ya mudzi, dziwitsani amfumu kapena mlembi wa dera lanu, chifukwa gulu la ana likamasuzumira m'mipanda ya eni ake popanda wodziwa, mawu amabuka. Malire awuzeni ana poyera musanayambe. Njanji ikhale kunja kwa malirewo: sitima za malasha zopita ku Nacala ndi ku Beira ndi zazitali, zolemera, ndipo sizingaime chifukwa choti mwana wawerama pa njanji. Msewu wa N7 asawoloke. Mtsinje wa Revúbuè nyengo ya mvula si woyandikira. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wotchedwa Ana anagumula mlatho wake pakati pa Tete ndi Moatize. Ku Zóbuè kumbukirani kuti Mwanza ali pafupi kwambiri, ndipo njira zina zam'minda zimamufikitsa munthu ku Malawi asanazindikire, ndiye musaike ndagi pa zipilala za malire. Kumanda ndi kudambwe sikochitira masewera.

Nkhani ya kukumba ndiyo ndikufuna muimvetse bwino. Ana akamva mawu oti chuma amathamangira khasu. Lamulo likhale loti kunja kwa mpanda wanu palibe kukumba. Nkhondo yapachiweniweni inatha mu 1992, ndipo mu Sepitembala 2015 boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa, koma zipolopolo ndi zida zina zosaphulika zimatulukabe nthawi zina anthu akamalima kapena kukumba maziko. Mwana adziwe kuti akaona chitsulo chadzimbiri chimene sachidziwa asachikhudze, akaitane wamkulu, wamkuluyo akauze apolisi. M'tauni mulinso mapaipi a madzi ndi nthambo zamagetsi zodutsa pansi. Ngati mukufunadi kuti ana amve kukoma kwa kufukula, kwirirani pakhomo panu, pamchenga, mosapitirira kutalika kwa chikhatho, kuti afukule ndi manja.

Chobisacho chikhale botolo lapulasitiki la kukamwa kwakukulu kapena chitini chokhala ndi chivundikiro, kuti chiswe ndi mvula zisawononge pepala. M'katimo muikemo kapepala kolembedwa kuti "Mwapeza, bwererani kunyumba", mphotho yeniyeniyo ikhale kwa inu. Mukaikamo maswiti mudzapeza nyerere zakutsogolerani, mukaikamo ndalama mwana wongodutsa adzatola. Musabise pansi pa mwala, m'mphako ya mtengo kapena m'una wa pachulu, chifukwa ndimo mumakhala zinkhanira, njoka ndi mavu. Pabwino ndi pamene diso limaona dzanja lisanafike: pa mphanda ya mtengo, kuseri kwa thanki, pamwamba pa khoma lalifupi.

Ndagi muziyamba kulemba kuchokera kumapeto. Imani pamene mwabisapo, muyang'ane mbali zonse, mudzifunse kuti munthu wofika pano wadutsa chiyani. Kenaka bwererani pang'onopang'ono mpaka poyambira, mukulemba zimene mukuona. Ndagi zolembera pampando kunyumba zimanama, chifukwa mtima umakumbukira mitengo itatu pamene pali inayi.

Tinene kuti botolo mwaliika pa mphanda ya mtengo wa mango pabwalo la sukulu. Ndagi yoyamba ingonena dera: "Kale ndinkavala tayala n'kumayenda pamsewu, lero ndapachikidwa pamtengo, ndikamenyedwa ana amathamanga." Aliyense amene anaphunzirapo pasukulu yakumudzi adzakumbukira chitsulo cha galimoto chimene chimalira ngati belu. Yachiwiri inene kolowera: "Ima pansi panga dzuwa likangotuluka, utsate mnzako wakuda amene sakusiya." Mthunzi wa m'mawa umagwera kumadzulo, ndiye mwana wadziwa kopita. Yachitatu ikhale yowerenga: "Awiri oyamba uwapatse moni, wachitatu ndiye akusungira." Yachinayi ithetse nkhani: "Usayang'ane pansi, chili pamene mikono yanga isiyana." Taonani kuti iliyonse ikuchepetsa malo amene inzake yasiya: sukulu yonse, mbali imodzi ya bwalo, mtengo umodzi, nthambi imodzi.

Ndagi yabwino imavuta pomva koyamba, koma ukaima pamalopo sipakhalanso mtsutso. Yoipa ndi imene ingagwirizane ndi malo khumi. Mukalemba kuti "pamtengo waukulu wa zipatso" ku Moatize, kumene masawu, malambe ndi bwemba zili paliponse, mwana adzangoyendayenda mpaka atatopa. Onjezani chimene mtengowo uli nacho wokha: unang'ambika pakati, uli ndi msomali umene amapachikapo sikelo, uli pakati pa mjigo ndi chigayo. Za mjigo mungalembe kuti "Ndili ndi mkono umodzi, mukaugwedeza ndimalira mpaka ndowa idzaze", koma ngati m'dera lanu muli mijigo iwiri, ndagi yotsatira isiyanitse. Pewaninso ndagi zimene yankho lake lili m'mutu mwanu mokha, monga pamene munakumana ndi amayi a m'nyumba. Mwana sangazitsimikize. Koma mbiri imene agogo angafotokoze ndi yabwino kwambiri, pakuti imatumiza mwana kukakhala pansi ndi kufunsa: panali chitsime chakale pati, msika usanasamuke unali kuti, banja lathu pobwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha linafikira pansi pa mtengo uti.

Mthunzi ndi wokoma kuugwiritsa ntchito koma umafuna kusamala. Ku England, Kit Williams anakwirira kalulu wagolide m'paki ya Ampthill, ndipo buku lake la Masquerade la mu 1979 limaloza pamene nsonga ya mthunzi wa chipilala cha mtanda imagwera masana pa tsiku limene usana ndi usiku zimafanana kutalika. Anatchula tsiku ndi nthawi chifukwa mthunzi suima malo amodzi. Kuno ku Tete, mu Juni ndi Julayi mthunzi wa masana umagwera kummwera. Chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni ndipo mthunzi umabisala pansi pa mapazi. Mu Disembala umapendekera pang'ono kumpoto. Ndiye pa tchuthi cha Disembala gwiritsani mthunzi wa m'mawa kapena wa madzulo, ndipo mutchule nthawi m'ndagimo. Mapazi nawo amasokoneza: pamene bambo aponda ka 20, mwana wa zaka 7 aponda mwina ka 30. Kuli bwino kuwerengetsa zinthu zooneka, monga mizati ya mpanda, mawindo a kalasi kapena mitengo, apo ayi apatseni chingwe n'kunena kuti "zingwe zisanu kuchokera pageti".

Osakawo nawonso amafunika kuphunzitsidwa, ndipo apa ndi pamene pali phindu lenileni la masewerawa. Ana ambiri akamva ndagi yoyamba amathamangira malo oyamba amene abwera m'mutu. Akhazikeni pansi kaye. Awerenge ndagi zonse mokweza, ajambule mapu a deralo pamchenga kapena papepala, aikepo sukulu, mjigo, tchalitchi ndi mitengo ikuluikulu. Pa ndagi iliyonse atchule malo onse amene angagwirizane nayo, ngakhale asanu. Kenaka ntchito ikhale ngati yopeta: ndagi yachiwiri ichotse ena, yachitatu ichotsenso ena, mpaka m'lichero mutsale amodzi. Malo amene agwirizana ndi ndagi zitatu n'kukana yachinayi si amenewo, ngakhale mtima utawakonda chotani. Apa ndi pamene akuluakulu osaka chuma cha Preiss amagwa kawirikawiri: munthu amasankhiratu paki ya mumzinda wake, kenaka n'kumapotoza mawu a ndakatulo kuti agwirizane ndi zimene wasankha kale. Mwana akanena kuti "ndi apa", mufunseni kuti akuonetseni mawu aliwonse a ndagi pamalopo ndi chala. Akalephera pa liwu limodzi, abwerere ku mapu.

Akakanika kwenikweni, musawauze yankho. Pamwambo wa ndagi, uja timayamba ndi "Ndagi!" ena n'kuyankha "Gize!", wolephera amapereka kaye ng'ombe ya pakamwa asanamve yankho. Chitani chimodzimodzi: gulu lililonse lipatseni timiyala titatu, ndipo likafuna thandizo lilipire kamodzi, inu n'kuwonjezera liwu limodzi lokha lowaunikira.

Magulu akhale a ana atatu kapena anayi, osakaniza aakulu ndi aang'ono, anyamata ndi atsikana, ndipo wamng'ono ndiye asunge mapepala kuti asasiyidwe m'mbuyo. Gulu lililonse liyende ndi wamkulu mmodzi amene sayankha ndagi, ntchito yake ndi kuona malire basi. M'mabanja ambiri a ku Moatize mumamveka Chinyungwe, Chichewa ndi Chipwitikizi m'nyumba imodzi, pamene ana kusukulu amazolowera kuwerenga Chipwitikizi. Lembani ndagi m'chiyankhulo cha pakhomo, ndipo amene sanazolowere kuchiwerenga athandizidwe ndi anzake. Ina mukhoza kuilemba m'Chipwitikizi kuti aliyense apezepo pake. Kwa amene sanayambe sukulu, jambulani chithunzi m'malo mwa mawu.

Za nthawi, ku Moatize kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo Disembala naye sachedwa kuwotcha. Yambani 6 koloko m'mawa, pofika 9 koloko mukhale mutamaliza, ana atanyamula madzi akumwa ndipo atavala nsapato. Ku Zóbuè, kumtunda kozizirirapo, madzulo amathekanso, bola kusakhale mitambo ya mvula ya ziphaliwali. Ndagi zinayi kapena zisanu zikukwana. Zikachuluka aang'ono amagwa ulesi. Mphotho ikhale yogawana onse, monga mtedza wokazinga, mandasi, makope ndi mapensulo a chaka chamawa, opambanawo angoyamba kusankha. Pomaliza tolani mapepala ndi mabotolo onse, malo a eni ake atsale monga munawapezera.

Ulendo wachiwiri sinthanani. Ana abise, alembe ndagi zawo, inu makolo musake. Adzazindikira okha kuti kulemba ndagi yoloza malo amodzi n'kovuta kuposa kuimasulira, ndipo adzayamba kuyang'anitsitsa mudzi wawo kuti apeze chimene mtengo uwu wasiyana nacho ndi uwo. Musanawalole kuyamba, yenderani nokha pamene abisapo muone ngati ali m'kati mwa malire aja. Yesani Loweruka likubwerali ndi ndagi zitatu zokha, pabwalo la pakhomo panu.