Kuika tchaja ya galimoto yamagetsi pakhomo ku Milange: kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Ntchito yokhoma tchaja pakhoma ndi kukoka waya kuchokera pa bokosi la magetsi, mmisiri wodziwa amaimaliza tsiku lomwelo, kawirikawiri m'maola 2 mpaka 4 ngati galimoto imagona pafupi ndi mita. Chimene chimadya masabata, mwinanso miyezi, ndi zoyenera kuchitika mmisiriyo asanagwire chida: kuona ngati mawaya a m'nyumba angapirire, kupempha mphamvu yowonjezera ku Electricidade de Moçambique (EDM), ndi kudikira kuti adzayendere nyumbayo. Choncho wofuna kuti zithe msanga ayambire ku mapepala, tchaja adzagule pomaliza.

Galimoto zamagetsi sizinachuluke mu msewu wa N11 wochokera ku Mocuba, ngakhalenso tsidya lija la Muloza. Koma amene anaona mizere ya mafuta ku Malawi mu 2024 sangadabwe kumva akabaza ndi eni galimoto akufunsa za batire. Kabuku kano ndi ka anthu otere.

Kodi mukufunikiradi tchaja ya pakhoma?

Funso ili ambiri amalidumpha, n'kutaya ndalama. Njinga yamoto yamagetsi ili ndi batire yaing'ono, nthawi zambiri ya pakati pa 2 ndi 4 kWh, ndipo imadzadza pa soketi wamba m'maola ochepa. Mwini njinga yotere sasowa kukhoma chilichonse. Chimene akusowa ndi soketi yolimba, ya payokha, yokhala ndi waya wopita m'nthaka, umene amisiri a kuno amati terra.

Galimoto ndiye ina. Soketi wamba imapereka pafupifupi 2.3 kW, kotero batire ya 40 kWh, monga ya Nissan Leaf zina, imatenga maola oposa 17 kuti idzadze ikakhala itatheratu. Tchaja ya pakhoma ya 7.4 kW ingaidzadze m'maola 6 kapena 7, bola galimotoyo ikhale yotha kulandira mphamvu yotere. Apa mpofunika kusamala, chifukwa Leaf zambiri zakale zochokera ku Japan zimangolandira pafupifupi 3 kW, ngakhale mutazilumikiza ku tchaja yaikulu chotani. Wogula tchaja ya 22 kW kaamba ka galimoto yotere wangokongoletsa khoma.

Onaninso pakamwa pa galimoto, pamene chingwe chimalowa. Zakale za ku Japan zambiri ndi Type 1, za ku Ulaya ndi Type 2, ndipo zopangidwira msika wa ku China ndi GB/T. Sizilowana. Chingwe chimene chabwera ndi galimoto ya ku Japan chinapangidwira magetsi a 100 V kapena 200 V, pamene athu ndi a 220 V, choncho mmisiri achiwerenge kaye musanachilowetse pa soketi. Nalonso pulagi limasiyana: la ku Malawi ndi la mano 3 amakona, la ku Mozambique ndi la mano ozungulira. Katundu wogulidwa ku Limbe asatchajidwe kudzera pa adaputa ya pamsika, chifukwa ikanyamula moto usiku wonse imatentha n'kusungunuka.

Ku ofesi ya EDM

Ngati nyumba yanu ilibe magetsi, ulendo ukuyambira pa kupempha kuti akulumikizeni. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos mu 2018 ndi cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo kumapeto kwa 2020 linachotsa ndalama yolipira polumikiza nyumba yatsopano. Izi sizikutanthauza kuti zonse nzaulere. Mawaya a m'nyumba mwanu ndi udindo wanu. Tengani chiphaso cha BI, nambala ya msonkho ya NUIT, ndi chikalata chosonyeza kuti mumakhala pamalopo, kaya cha kwa secretário do bairro, kaya DUAT ya malowo, kaya pangano la lendi. Mlendo wokhala m'dziko muno mwalamulo amaonetsa DIRE m'malo mwa BI.

Ngati magetsi muli nawo kale, funsani mphamvu imene munagwirizana ndi EDM, yomwe pa mapepala amailemba kuti potência contratada. Nyumba zambiri zinalumikizidwa poganizira mababu, wailesi yakanema ndi firiji basi. Tchaja ya 7.4 kW payokha imakoka 32 A kwa maola ambiri osapumira, ndiye mukawonjezapo ketulo ndi simbi, mita yolipiriratu ya Credelec kapena disjuntor (kachipangizo kodula moto ukachuluka) imangodula. Njira yake ndi kulemba pempho la aumento de potência. EDM imatumiza munthu kudzachita vistoria, ndiko kuti kuyendera, kenako imakuuzani zofunika kusintha ndi mtengo wake.

Kutalika kwa nthawi kumadalira zimene woyenderayo apeze. Ngati waya wochokera pa mtengo wa magetsi ndi wokwana ndipo thiransifoma ya m'dera lanu ikadali ndi malo, nkhani imakhala yaifupi. Ngati pakufunika kusintha waya, kuika mita ya trifásico kaamba ka tchaja ya 11 kW kapena 22 kW, kapena kudzala mitengo ina, konzekerani kudikira. Milange ndi dera la m'mphepete, ndipo kwa zaka zambiri tauniyi inkalandira magetsi kuchokera ku ESCOM ya ku Malawi. M'makwalala mmene mababu amazilala dzuwa likangolowa, nzeru ndi kusankha tchaja yotha kuchepetsedwa mphamvu, n'kumatchaja pakati pa usiku anthu atagona.

Okhala pa lendi ayambe apeza chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba, ndipo agwirizaniretu ngati tchajayo idzachotsedwe posamuka. Dziwaninso kuti yuniti imodzi ya Credelec ndi 1 kWh, kotero kudzadza batire ya 40 kWh kumadya mayuniti oposa 40. Walira mvula walira matope: amene ali pa tarifa social, mtengo wa nyumba zogwiritsa ntchito magetsi ochepa, asayembekezere kukhalabe pamenepo galimoto ikalowa pabwalo.

Tsiku la mmisiri

Sankhani mmisiri wa mapepala, wovomera kusaina kuti ntchitoyo ndi yake. Mnyamata wodziwa kulumikiza babu si ameneyu, ngakhale akhale mphwanu. Tchaja imafuna njira yakeyake kuchokera pa quadro (bokosi la magetsi lija), waya wonenepa mokwanira (pa 32 A nthawi zambiri wosachepera 6 mm²), disjuntor yake, ndi diferencial yodula moto ukangoyamba kuthawira kwina. Pa galimoto pamafunika ya mtundu B, kapena ya mtundu A ngati tchajayo ili kale ndi chitetezo cha 6 mA mkati mwake. Chitsulo cha terra chikhomedwe m'nthaka ndipo chiyezedwe ndi makina inu mukuona. Kuno kunsi kwa phiri la Tumbine mvula imabwera ndi mphezi, choncho kachipangizo koteteza ku kukwera kwa moto mwadzidzidzi sikoyenera kukaumira. Ngati pakufunika kukumba ngalande ya waya mpaka ku galaja, kapena kusintha quadro yonse, wonjezerani tsiku limodzi kapena awiri.

Mmisiri asachoke musanaone galimoto ikutchaja, komanso asanakupatseni lisiti lokhala ndi dzina lake ndi mndandanda wa zimene waika.

Akakuchedwetsani kapena kukulakwirani

Pepala lililonse limene mwapereka ku ofesi, tengani kope lodindidwa chidindo ndi tsiku. Funsani nambala ya pempho lanu, ndipo funsani kuti akuuzeni tsiku la vistoria. Mtengo uliwonse ukhale wolembedwa, ndalama ilipiridwe pa kauntala kapena ku banki, lisiti lituluke. Wantchito wopempha "ya refresco" kuti pepala liyende akupempha chiphuphu, ndipo nkhani zotere zimakanenedwa ku Gabinete de Combate à Corrupção kapena ku Procuradoria ya m'boma lanu. Wopereka naye amapalamula.

Lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, limakupatsani ufulu wouzidwa zoona za katundu ndi ntchito, wotetezedwa pa moyo ndi thanzi, komanso wolipidwa ngati katundu kapena ntchito yoipa yakuonongerani zinthu. Limalamulanso wogulitsa katundu wokhalitsa kupereka chitsimikizo cha chaka chimodzi kapena kuposerapo. Tchaja ikafa mwezi wachitatu, bwererani nayo ndi lisiti. Koma lamuloli limathera pa malire: chimene mwagula ku Blantyre mukadandaulira komweko, ku Competition and Fair Trading Commission.

Dandaulo la magetsi liyambire ku EDM komweko, mwa kalata kapena mu livro de reclamações, buku la madandaulo. Likapanda kuyankhidwa, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, pitani nalo ku ARENE, bungwe loyang'anira za mphamvu limene linakhazikitsidwa ndi Lei 11/2017 ndipo lili ndi udindo womva mikangano ya ogula ndi makampani a magetsi. Apa mpamene makope odindidwa aja amagwira ntchito, chifukwa dandaulo lopanda tsiku ndi nambala silipita patali.

Kwa abale a tsidya la Mulanje njira njofanana, maina okha ndiwo asintha: pempho limapita ku ESCOM, mmisiri akhale ndi chiphaso cha MERA (bungwe loyang'anira za mphamvu ku Malawi), ndipo dandaulo limene ESCOM yalephera limakafika ku MERA.

Tikupemphani chimodzi: podikira yankho, musalole munthu kukulambalalitsirani mita kapena kukukokerani waya kuchokera kwa neba. Ndi mlandu wakuba magetsi mbali zonse ziwiri za malire, ndipo waya wotere ukanyamula 32 A usiku wonse umayaka ana ali m'tulo.