Malangizo kwa Oimba Gitala: Kagwiritsidwe Ntchito ka Compressor

Lero tikambe za kabokosi kopondera kotchedwa compressor.

Ntchito yake ndi kusalaza mawu. Mukakhwacha nsambo mwamphamvu, kamawatsitsa. Mawu ofooka amamveka okwera. Motero kulira kwa nsambo kumakhalitsa, ndipo kayimbidwe kothamanga ka sungura kapena rhumba kamamveka bwinobwino.

Choyamba, kalumikizeni pafupi ndi gitala, overdrive ndi delay zibwere pambuyo pake.

Chachiwiri, musakapanikize. Mwachitsanzo, compressor ya Boss CS-3 ili ndi zopotokola zinayi: Level, Tone, Attack ndi Sustain. Yambani Sustain ali pansi, muzikweza pang'onopang'ono. Mukapyola muyeso, phokoso la mawaya limakweranso, ndipo kukoma kwa dzanja lanu kumatayika. Attack ndiye amasunga kuthwa kwa kukhwacha. Level muikhazike poti mawu afanane, kaya mwaponda kaya simunaponde.

Chachitatu, kabokosi ka CS-3 kamafuna magetsi a 9V. Adaputala yolakwika ikhoza kukaotcha. Ngati mukudalira batire, zulani chingwe cha gitala mukamaliza, apo ayi imatha yokha.

Yesani zimenezi musanakwere pa siteji, khutu lanu likutsogolereni.