PHUNZIRO: Nthawi ya Namwino mu Wodi

Kuwerenga: Marko 5:21-43

Amayi okondedwa mwa Ambuye, ambiri a ife timakazonda odwala kapena kudikirira abale pachipatala cha pa Boma la Mchinji. Nthawi zina timadandaula kuti namwino watidutsa osaima. Tiyeni timvetse m'mene amagawira nthawi yake.

Akafika pantchito, amayamba wamva za wodwala aliyense kwa mnzake amene akuweruka. Kenako sathandiza amene anafika msanga, koma amene ali pangozi, monga mwana amene akukomoka kapena kubanika. Mankhwala nawonso ali ndi maola ake. Wodwala malungo aakulu amalandira jakisoni wa artesunate, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu akakwana maola 24 chiyambireni. Maola amenewa sayenera kuphonyedwa.

Yesu naye anaima panjira chifukwa cha mayi wodwala, Yairo akudikira ndi mtima wosweka. Koma sanamuiwale.

Tsono tikapita kukapemphera mu wodi, tisunge nthawi yoonera odwala, tifupikitse nyimbo, ndipo tipatuke namwino akamagawa mankhwala. Koma wodwala akasintha mwadzidzidzi, tiitane namwino pomwepo, osachita manyazi.

Funso lokambirana: Kodi maulendo athu a kuchipatala amapeputsa ntchito ya anamwino, kapena amawachedwetsa?

Titseke powapempherera anamwino onse ogwira ntchito usiku.