Timagalimoto ta M'cikombole ndi Galimoto ya Waya

Mukayenda m'njira za ku Matero, ku Cawama kapena ku Kalingalinga dzuwa litapendeka, simudzalephera kukomana ndi mnyamata alikuyendetsa galimoto yake ya waya. M'manja agwira ciwongolero cacitali, pakamwa alikulira ngati injini, ndipo pfumbi lilikukwera m'mbuyo mwake. Ena a inu munapangapo galimoto yotere. Munafuna waya, munadula mphira ya cubu cakale kuti mumangire pamfundo, ndipo magudumu munawapanga ndi zitini za polishi kapena ndi mapatapata akutha. Lero tidzaphunzira za timagalimoto tina topangidwa m'mafakitale a kutali, tione ngati mmisiri wa kumeneko adziwa kanthu kamene mnyamata wa ku Matero sangathe kukadziwa.

Timagalimoto timene tinena pano ndi tacitsulo, tolemera m'dzanja, ndipo sasula ndi nyundo ai. Amatiumba m'cikombole, monga muona anthu aumba njerwa. Koma cikombole ca njerwa ndi cathabwa ndipo cilandira dothi lozizira; ici ndi cacitsulo colimba, ca mbali ziwiri zotsekana, ndipo m'kati mwake mwasemedwa maonekedwe onse a galimoto, zitseko, nyali ndi mizere yomwe. Amisiri asungunula citsulo ca mtundu wina, dzina lake zinki, nasakaniza ndi aluminiyamu pang'ono. Cikatentha kufika pa madigiri ngati 400 cisanduka madzi. Pamenepo makina acikankhira m'cikombole ndi mphamvu yaikuru, kuti cilowe m'timakona tonse cisanaume. Posacedwa cikombole citseguka, kagalimoto kagwa, ndipo kwatsala kukapala, kukapaka utoto ndi kuika magudumu. Kusema cikombole ndiyo nchito yobvuta ndi yodya ndalama, koma cikatha, cimodzi comweco cibala timagalimoto zikwi zambiri tofanana ngati mapasa.

Zinki si mlendo m'dziko lathu lino. Mwala wake unapezeka ku Kabwe m'caka ca 1902, malowo napatsidwa dzina la Broken Hill, ndipo anakumba zinki ndi mtobvu kumeneko kufikira mgodi unatsekedwa mu 1994. Mtobvuwo ndi mnansi woipa. Unatsala m'dothi la ku Kabwe, ndipo wadwalitsa ana ambiri osewera m'pfumbi. Ngakhale zinki yemwe sagwirizana nawo. Timagalimoto tina toyamba tinaumbidwa ndi zinki wosayeretsedwa bwino, wokhala ndi mtobvu pang'ono, ndipo patapita zaka tinayamba kutupa, kung'aluka ndi kunyenyeka tokha, popanda munthu wotikhudza.

Nchito imeneyi inakula kwambiri ku Mangalande. Ku Liverpool kunali munthu dzina lake Frank Hornby, mwini fakitale ya Meccano, ndipo mu 1934 fakitale yake inayamba kugulitsa timagalimoto ta dzina lakuti Dinky Toys. Mu 1953 kampani ya Lesney ya ku London inaturutsa tina tating'ono koposa, togulitsidwa m'timabokosi tonga ta macesi, ndipo cifukwa cake tinalandira dzina lakuti Matchbox. Anthu asimba kuti mmisiri wao, Jack Odell, anali ndi mwana wamkazi amene kusukulu kwake sanalole cidole cosatha kulowa m'bokosi la macesi. Tsono atate wake anampangira kamakina kosalaza mseu ka msinkhu womwewo. Mu 1956 kunabwera Corgi, ndipo mu 1968 kampani ya Mattel ya ku Amereka inayamba Hot Wheels. Fakitale ya Dinky ya ku Liverpool inatsekedwa mu 1979, koma timagalimoto take sitinaiwalike.

Mwina mudzadabwa kumva kuti ambiri ofuna timagalimoto takale si ana, koma akuru-akuru a imvi. Atisonkhanitsa, natiika m'kabati yagalasi, ndipo kamene kali ndi bokosi lake ndi utoto wosapalika kagulidwa ndi mtengo woposa kamene mwana anasewera nako. Ine ndiganiza kuti apa pali cisoni pang'ono, pakuti galimoto yosayendapo ndi kale lonse iri ngati khasu losalawa dothi. Koma tisawaseke msanga, cifukwa anthu amenewa ali ndi maso akuthwa, ndipo pali cimene tingaphunzire kwa iwo.

Ena mwa iwo asonkhanitsa timagalimoto ta mpikisano wa panjira yadothi. Mpikisano umenewu ngwodziwika kwambiri ku Amereka. Njira yake ndi yozungulira ngati dzira, yokutidwa ndi dongo, ndipo amaithira madzi kuti pfumbi licepe ndi kuti matayala agwire. Bwalo lina lomveka liri ku Knoxville, m'cigawo ca Iowa. Kulizungulira kamodzi ndi mamita ngati 800, ndipo mpikisano wake waukuru unayamba mu 1961. Lina ndi Eldora, ku Ohio, limene Earl Baltes anatsegula mu 1954. Pa mabwalo otere magalimoto onse athamangira mbali imodzi, nakhotera kumanzere nthawi zonse, ndipo pokhota ayenda cam'mbali, matayala akumwaza dongo.

Tsono tamvani cinthu codabwitsa. Pa magalimoto ena a mpikisanowu tayala lam'mbuyo la kudzanja lamanja ndi lalikuru kuposa la kumanzere. Sikuti mmisiri analakwa. Tengani kapu yotambalala kukamwa ndi yocepa kunsi, muigoneke pansi, muikankhe. Kodi iyenda molunjika? Iai, ikhotera ku mbali yocepayo. Momwemonso tayala lalikuru la kumanja liyenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, ndipo lithandiza galimoto kukhotera kumanzere. Munthu wosonkhanitsa timagalimoto akagwira kamodzi ayang'ana msanga matayala am'mbuyo. Akapeza kuti ali olingana, adziwa kuti wopangayo sanaiyang'anitsitse galimoto yeniyeni.

Kwathu kuno mpikisano wa padothi uli wa mtundu wina. Magalimoto sazungulira bwalo, koma anyamuka imodzi-imodzi m'miseu ya m'mapulazi ndi m'thengo, ndipo wopambana ndi amene watha ulendo m'nthawi yocepa. M'mpikisano wotere Satwant Singh wa m'Zambia muno anakhala katswiri wa Afirika yense kasanu ndi katatu, kuyambira 1988 kufikira 2000.

Tifike tsopano pa cinsinsi ca wopanga timagalimoto. Pa bokosi, kapena kunsi kwa kagalimoto, mudzaona manambala otere: 1:43, kapena 1:64, kapena 1:18. Umenewu ndi muyeso. 1:43 atanthauza kuti sentimita imodzi ya kagalimoto iimira masentimita 43 a galimoto yeniyeni. Ngati galimoto yeniyeni iri ya masentimita 430 m'litali, gawani 430 ndi 43, mudzapeza 10. Kagalimotoko kadzakhala ka masentimita 10. Zindikirani kuti nambala yaciwiri ikakula, kagalimoto kacepa: ka 1:64 kalowa m'thumba la malaya, koma ka 1:18 kafuna manja awiri.

Lamulo lake ndi limodzi lokha, koma silikhululukira munthu. Mukagawa utali ndi 43, muyenera kugawanso ndi 43 kutambalala, msinkhu, citseko, gudumu ndi mpata wa pakati pa magudumu. Mukaiwala cimodzi, diso lidziwa msanga, ngakhale la munthu wosadziwa masamu. Mapu amene ali pakhoma la kalasi yanu atsata lamulo lomweli, ndiponso pulani imene mmisiri agwira pomanga nyumba.

Tsiku lina ndinauza ana a kalasi yanga kuti abwere ndi magalimoto ao a waya. Anabwera nao ambiri, koma onse anabvomerezana kuti minibasi ya mnyamata wina ndiyo inafanana ndi yeniyeni. Ndinamfunsa, "Iwe, unaipanga bwanji?" Iye anayankha, "Aphunzitsi, ndinapita pamene aimika mabasi, ndinawerenga mapazi anga kuyambira kutsogolo kufika kumbuyo, ndiponso pa gudumu ndi pa citseko. Phazi limodzi ndinaliyesa utali wa cala canga pa waya." Mnyamatayo anali asanamvepo za 1:43, ndipo pa masamu ogawa sanali kukhoza kweni-kweni, koma anali atacita nchito yomweyo imene acita wosema cikombole. Pamene tinayesa cala cake ndi phazi lake ndi rula, tinapeza kuti muyeso wake unali pafupi 1:3, ndipo cifukwa cake minibasiyo inali yaikuru yosatha kulowa pansi pa desiki.

Ndipo pali cimodzi cimene galimoto ya waya iposa naco ambiri a m'cikombole: imvera ciwongolero. Mnyamata akapotoza dzanja, magudumu akutsogolo akhota. Ipirira miyala ya ku Kanyama ndi matope a m'dzinja, ndipo ikathyoka mwini wake aikonza yekha pansi pa mtengo. Koma waya wake ukhale wotola kapena wopempha. Kudula mpanda wa mnansi ndi kuba, ndipo nthambo ya magetsi, ngakhale ioneke yogwa ndi yakufa, musaikhudze konse. Itanani munthu wamkuru.

Zocita

Galimoto ina iri ya masentimita 400 m'litali, ndipo gudumu lake ndi la masentimita 60 kuyeza pakati. Mukaipanga ndi waya pa muyeso wa 1:10, kodi idzakhala yaitali bwanji? Nanga mudzafuna citini cacikuru bwanji ca gudumu?

Kagalimoto ka 1:64 kali ka masentimita 7. Pezani utali wa galimoto yeniyeni.

Ikani citini cacikuru kumanja ndi cacing'ono kumanzere pa magudumu am'mbuyo a galimoto ya waya. Mangani zitini zonse ziwiri zolimba pa waya umodzi kuti zizungulire pamodzi, muikankhe pabwalo osagwira ciwongolero, ndipo mulembe m'buku cimene mwaona.