ZIPHUPHU NDI MANKHWALA A BENZOYL PEROXIDE

Anzanga, pali bvuto limodzi limene sitilinena m'kalasi, koma limene limaticedwetsa ambiri a ife pa kalilole m'mawa, belu la phala litalira kale. Bvutoli ndi ziphuphu. Anyamata ndi asungwana ambiri a msinkhu wathu ali nazo, ena pamphumi, ena m'masaya, ena kumsana ndi pacifuwa. Ciphuphu sicipha munthu, koma cimalanda mtendere, ndipo cikafinyidwa kapena kupakidwa mankhwala olakwika cimasiya banga lakuda lokhala miyezi yambiri, kapenanso cipsera ca moyo wonse. Nchifukwa cake ndafuna kuti tione pamodzi zimene asing'anga anapeza pa mankhwala amodzi opaka, amene dzina lake ndi benzoyl peroxide.

Poyamba tidziwe kumene ziphuphu zimacokera. Pakhungu pathu pali timabowo tating'ono momwe mumamera ubweya, ndipo m'timabowomo muli timatumba totulutsa mafuta ofewetsa khungu. Munthu akamasinkhuka, thupi lake limasintha ndipo timatumbato timatulutsa mafuta ambiri kuposa kale. Mafutawo akasakanizika ndi khungu lakufa lofundukuka, kabowo kamatsekeka. M'kabowo kotsekeka cotere mumaculuka tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timakonda malo opanda mpweya wa okosijeni. Kale asing'anga ankati tiziromboti ndi Propionibacterium acnes, koma m'caka ca 1916 ndi 100 pamwamba, ndiye kuti 2016, analisintha dzinalo nati Cutibacterium acnes. Thupi likayamba kulimbana nato, malowo amatupa nacita mafinya. Tsono muone kuti ziphuphu si cizindikiro ca uve, ndipo si cizindikiro cakuti munthu akufuna banja monga amanenera otiseka. Wokwecesa nkhope ndi cisupa kapena mwala angoonjezera zilonda.

Mbiri ya mankhwalawa ndi yodabwitsa pang'ono, pakuti sanapangidwire ziphuphu iai. Anayamba kuwapanga ndi katswiri wa ku England, Benjamin Brodie, m'caka ca 1858. Pambuyo pake anthu anawagwiritsa nchito yoyeretsa ufa wa tirigu ndi kuumitsa pulasitiki, ndipo asing'anga ena anawayesa pa zilonda za moto. Amene anawadziwitsa kwambiri pa nchito ya ziphuphu ndi Dokotala William Pace wa ku London, mzinda wa ku Ontario m'dziko la Canada (si London wa ku England), amene m'caka ca 1965 analemba za mafuta opaka osakaniza benzoyl peroxide ndi sulufule. Lero mankhwalawa ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa umene limalemba bungwe la World Health Organization.

Nanga amagwira bwanji nchito? Akalowa m'kabowo ka khungu amasweka natulutsa okosijeni waukali, ndipo tizirombo tija timafa. Amafundulanso pang'ono khungu la pamwamba kuti timabowo titseguke. Apa pali cinthu cacikuru cimene cimawasiyanitsa ndi mankhwala monga erythromycin ndi tetracycline. Munthu akagwiritsa nchito mankhwala amenewo nthawi yaitali, tizirombo timawazolowera ndipo sitifanso. Koma pa zaka zonsezi tizirombo ta ziphuphu sitinaoneke tikuzolowera benzoyl peroxide. Cifukwa ca ici asing'anga akapereka mankhwala ena ophera tizirombo amakonda kuonjezerapo benzoyl peroxide, kuti tizirombo tozolowerato tisapeze mpata woswana.

Tsopano tifike pa funso limene limasoceretsa ogula ambiri. Pa kacubu ka mankhwalawa amalembapo mphamvu yake: 2.5 pa 100, kapena 5, kapena 10. Munthu wovutika mtima amaganiza kuti 10 ndiye acite msanga, monga momwe timaganizira kuti tiyi wa shuga wambiri ndiye wokhutitsa. M'caka ca 1986 asing'anga a ku America, pakati pao Otto Mills ndi Albert Kligman, anafalitsa zimene anapeza atayesa funso lomweli pa anthu 153. Mayeso ao anawakonza mwanzeru: wodwala sanali kudziwa mphamvu ya mankhwala amene anapatsidwa, ndipo sing'anga wowerenga ziphuphu nayenso sanali kudziwa, kuopa kuti maso angaone zimene mtima ukufuna. Ena anapatsidwa mafuta opanda mankhwala konse. Powerenga ziphuphu zotupa anapeza kuti 2.5 anaposa mafuta opanda mankhwala, ndipo anacepetsa ziphuphu mofanana ndi 5 ndi 10 omwe. Kusiyana kunali pa zowawa: opaka 10 ndiwo anafundukuka, kufiira ndi kumva kuocha kawirikawiri kuposa opaka 2.5.

Kwa ife a khungu lakuda mau amenewa ndi olemera kuposa kwa Azungu. Khungu lathu likapsa kapena kutupa, pocira limasiya banga lakuda, ndipo kambiri bangalo ndi limene limatidetsa nkhawa kuposa ciphuphu cenicenico. Wogula mankhwala aukali napaka mocuruka angaphe tizirombo ndithu, koma nkhope nkutsala yamathothomathotho. Ine ndiona kuti kulipira ndalama zambiri pofuna kupsa kwambiri si malonda abwino.

Mayeso ena akuru anacitika ku England nafalitsidwa m'caka ca 2004 m'nyuzi ya asing'anga, The Lancet. Anthu 649 anagawidwa m'magulu asanu nalandira mankhwala osiyana kwa milungu 18. Mwa opaka benzoyl peroxide yekha, 60 pa 100 ananena kuti apeza bwino ndithu. Mwa akumwa mapiritsi a oxytetracycline anali 55, ndipo mwa akumwa minocycline, amene anali okwera mtengo koposa, anali 54. Motero mankhwala ocepa mtengo sanagonje kwa odula. Koma ophunzira masamu aone mbali inanso ya nambalayi: ngati 60 anathandizidwa, ndiye kuti 40 sanathandizidwe kwenikweni. Si mankhwala a matsenga ai. M'caka ca 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa mayeso 120 ocitika pa anthu 29,592, nanena kuti mankhwalawa aoneka kuti amaposa mafuta opanda mankhwala, koma anadandaula kuti mayeso ambiri sanakonzedwe mosamala ndipo anali a nthawi yaifupi.

Kapakidwe kake nkosabvuta, koma kamafuna mtima wodekha. Sambani ndi sopo wosaocha, pukutani, khungu liume, ndipo pakani pang'ono pa dera lonse pamene pamatuluka ziphuphu, osati pamutu pa ciphuphu cimodzi cokha, pakuti nchito yake yaikuru ndi kuletsa zatsopano. Musafikitse m'maso, pamilomo kapena m'mphuno. Masiku oyamba ndi bwino kudumphitsa tsiku kufikira khungu litazolowera. Kusintha kumayamba kuoneka patapita milungu inai kapena isanu ndi umodzi, ndipo pena pamafunika miyezi iwiri kapena itatu, pafupifupi teremu yathunthu. Ambiri amasiya pa mlungu waciwiri namati mankhwala ngabodza. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma ngati nkhope kapena milomo yatupa, thupi lacita zidzolo, kapena mpweya ukubanika, lekani pomwepo ndi kuthamangira kwa anamwino, cifukwa alipo anthu owerengeka amene thupi lao limadana nao mankhwalawa.

Ife okhala m'nyumba zogona pa sukulu ticenjere ndi cinthu cina: mankhwalawa amasukulutsa nsalu ndi tsitsi. Thaulo, cikwama ca pilo, ngakhale kolala ya yunifolomu zimacita mawanga osacoka. Sambani m'manja mukatha kupaka, ndipo musabwereke thaulo la mnzanu, mungadane naye. Pomva izi wina asaganize kuti ndi mafuta oyeretsa khungu iai. Mtundu wa khungu la munthu sausintha. Mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mphepete mwa miseu ndi ena, ndipo ambiri a iwo ali ndi mankhwala aukali monga clobetasol ndi betamethasone. Masiku oyamba amaziziritsa ziphuphu, mwini wake nakondwa; pambuyo pake amapyapyalitsa khungu nabala ziphuphu zina zambiri kuposa zoyamba.

Palinso nkhani yatsopano yoyenera kuidziwa ife a dziko lotentha. M'mwezi wa March 2024 nyumba ina yoyesa mankhwala ku America, Valisure, inalengeza kuti benzoyl peroxide akakhala pamalo otentha angathe kusweka natulutsa benzene, cinthu cimene cimayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala, FDA, linayesa mitundu 95, ndipo m'mwezi wa March 2025 linanena kuti yoposa 90 pa 100 inalibe benzene wooneka kapena inali naye wocepetsetsa, koma mitundu isanu ndi umodzi inali naye wocurukirapo, ndipo inacotsedwa m'masitolo. Phunziro lake kwa ife nlakuti kacubu kasakhale pazenera padzuwa, kapena m'galimoto lotsekedwa masana a October, kapena m'sutikesi ya citsulo yoikidwa pansi pa malata. Kasungeni pozizira, ndipo tsiku lotha mphamvu likapita katayeni.

Pa holide, ife a ku Area 14 ndi madera oyandikana nao tili ndi mwai, pakuti masitolo a mankhwala a ku City Centre ndi ku Old Town sali kutali. Gulani m'sitolo yobvomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo funsani wogulitsa akuonetseni mphamvu yake ndi tsiku lotha nchito. Amene ziphuphu zao ndi zikuruzikuru, zozama ndi zowawa ngati zithupsa, kapena zayamba kale kusiya zipsera, asataye miyezi ndi mankhwala opaka okha. Awapemphe makolo awaperekeze ku cipatala. Ku Kamuzu Central Hospital kuli mbali yoona nthenda za pakhungu, ndipo kumeneko angathe kupatsidwa mankhwala akumwa oyenera msinkhu wao.