Kathleen Buckwalter ndi Chisamaliro cha Okalamba Odwala Matenda Oiwala

Funso: Kodi Kathleen Buckwalter ndani, nanga kafukufuku wake anasintha chiyani pa kasamalidwe ka okalamba?

Yankho: Kathleen Buckwalter ndi namwino komanso pulofesa amene anaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya Iowa ku America. Anadzipereka pa thanzi la m'maganizo la okalamba, makamaka akumidzi, amene thandizo lotere siliwafika msanga.

Mu 1987, iye ndi namwino mnzake Geri Hall anafalitsa mfundo yotchedwa Progressively Lowered Stress Threshold. Mfundoyi imati matenda oiwala, monga a Alzheimer, akamakula, ubongo umalephera kupirira ngakhale zinthu zazing'ono. Kutopa, phokoso, ululu, kusintha kwa malo kapena kwa womusamalira, ndiponso kuumirizidwa kuchita zimene sangathenso, zonsezi zimamuunjikira wodwala tsiku lonse. Poyamba amangooneka wankhawa. Nkhawayo ikanyalanyazidwa, amayamba kukalipa, kuyendayenda kapena kumenya anthu, kawirikawiri chakumadzulo.

Apa ndi pamene pagona phindu la ntchito yawo. Khalidwe limene ambiri ankaliyesa nkhanza kapena mwano linayamba kuonedwa ngati chizindikiro chakuti munthuyo walemedwa. Wosamalira amaphunzira kuzindikira nkhawa isanakule, kuchepetsa phokoso ndi chigulu cha anthu, kupereka nthawi yopuma masana ndi kusunga ndondomeko imodzimodzi tsiku lililonse. Mankhwala ogonetsa sakhalanso njira yoyamba.

Buckwalter ndi anzake anaphunzitsanso njirayi achibale osamalira odwala pakhomo, ndipo anapeza kuti kukhumudwa kwa achibalewo kunachepa.